Chifani cha a Fiyuzi

Tsiku limene a Fiyuzi anaimika chifani chawo chopanga magetsi kuseri kwa nyumba, mphepo inawavula buluku mdadada wonse ukuona. Anali atakwera makwerero obwereka kuti akamange nati yotsiriza, sipanala ili kukamwa, pomwe kamphepo kanabwera mwakabisira nkutembenuza mchira wa chifanicho. Mchirawo, umene anaudula ku chitseko cha firiji yakufa, unawakola lamba kumbuyo. Makwerero anagwera uko, iwo nkutsala lende m'mwamba ngati chovala choiwalika pachingwe. Lamba anapirira pang'ono kenako anaduka, buluku linang'ambika kuchokera m'chiuno mpaka m'bondo, mkuluyo nkukumbatira paipi, kutsetsereka nayo mpaka pansi, thi! Sanathyoke paliponse. Koma amayi amene anali pamzere wa pampopi anaona zonse zimene akazi awo okha ndiwo anali ndi chilolezo choona, ndipo akuti sipanala ija sanaitaye, anatera nayo ili chilumire.

Bulukulo analitengera kwa aneba awo a khomo lotsatira, mayi wosoka zovala amene aliyense amangowatchula kuti a Telala. Iwowa analisoka bwino ndithu, ndi ulusi wofanana. Koma aliyense wobwera kudzayesa diresi mwezi umenewo ankachoka akudziwa mtundu wa kabudula wamkati wa a Fiyuzi, ndi pamene panali chibowo.

Dzina la Fiyuzi analipeza kuntchito. Zaka zawo zonse zamphamvu anathera m'kashopu kena pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pafupi ndi depoti ya mabasi, akukonza mawailesi ndi ma TV aja a msana waukulu. Ubweretse wailesi yogwera m'madzi, ubweretse yodyedwa ndi makoswe, mawu awo oyamba anali amodzimodzi: mwina ndi fiyuzi. Akuti ngakhale tsiku limene mnzawo wosoka nsapato anakomoka pakhonde, iwo ananena zomwezo asanaganize. Ndi bambo wamfupi, woonda, wa magalasi omangidwa ndi waya wamkuwa, zala zili timabala tokhatokha ta kansimbi kowotcherera. Anthu atayamba kumvera nyimbo pafoni nkumagula ma TV opyapyala osatsegulika, kashopu kaja kanafa kokha, a Fiyuzi nkusenza tebulo lawo kubwera nalo kunyumba.

Ntchitoyo inawasiyira lamulo limodzi, ndipo ankalilalikira kuposa mmene abusa amalalikirira za chakhumi. Chaka chilichonse mvula ikayamba, kashopu kaja kankadzaza ndi ma TV opsa ndi mphezi, eni ake ataima pakhomo manja ali kunkhongo. Choncho a Fiyuzi ankauza aliyense kuti mabingu akangogunda, zulani zonse. Wailesi, nsimbi, firiji, ngakhale foni izimitsidwe. Mdadada wonse unamva ndipo unasunga. Woyamba kusunga anali Mayi Fiyuzi, kuyambira sabata yomwe analowa m'banja, ndipo anasunga osafunsa, chifukwa amuna awo si munthu wofotokoza zinthu. Ukawafunsa chifukwa, amakuyang'ana pamwamba pa magalasi nkukuuza kuti ndi zamagetsi, ngati kuti zamagetsi ndi nkhani zosayenera kumva ana.

Mayi Fiyuzi anali ophika pasukulu ina yogonera konko, mayi wathupi, wa chiseko chomveka mpaka kumsewu. Ankakonda kunena kuti anakwatiwa ndi a Fiyuzi chifukwa anali mwamuna yekhayo amene akanatha kumunyamula akaledzera, koma mwatsoka lake samwa. Matenda a shuga atawagwira, thupi lija linayamba kusungunuka, maso nkuchita chifunga, mapazi nkumachita dzanzi. Chiseko chokha ndicho chinatsala chonse. Ankadzibaya jakisoni m'mawa ndi madzulo, ndipo mankhwala ake, a m'timabotolo tating'ono, achipatala ananenetsa kuti azikhala pozizira. Banjali linali ndi kafiriji kofika m'chiuno, ndiye nkhawa panalibe, kufikira tsiku limene thiransifoma ya dera lonselo inaphulika. Anthu a magetsi anabwera ndi lole, anaitsitsa, anapita nayo, ndipo pamtengo paja mbalame zinamanga chisa, kuswa, ana nkuuluka, ena nkudzamanganso.

Apa ndi pamene panalowera mwana wawo. Ali naye mmodzi yekha, wamkazi, mphunzitsi mumzinda wina wakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Aliyense amamutchula Madamu, ngakhale bambo ake omubereka, ndipo amalankhula ndi anthu onse ngati afika mochedwa m'kalasi. Atabwera kudzazonda amayi ake, anapeza timabotolo tija tili mumtsuko wa mchenga wonyowa kunsi kwa bedi. Sanakalipe. Anangotulutsa mtsukowo, kuuika pakati pa chipinda, nkuuza bambo ake kuti akadzabweranso nkupeza firiji isakuyaka, amayi anyamuka nawo. Kwake magetsi sazima, chipatala chili pafupi. A Fiyuzi atafunsa kuti nanga iwo, Madamu anayankha moona mtima kuti nyumba ndi yaing'ono, apongozi ake aakazi ali kale momwemo, ndipo bedi lotsala ndi limodzi, la munthu mmodzi. Ababa atsala azisunga nyumba.

Chikwatiranire, anthu awiriwa anali asanagonepo nyumba zosiyana, kupatula nthawi imene Mayi Fiyuzi anakachira Madamu yemweyo. M'mawa mwake a Fiyuzi anavala chipewa kupita kwa ogulitsa zitsulo zakutha.

Poyamba anayesa sola ngati wina aliyense. Anaikhoma padenga bwinobwino, koma sabata isanathe akuba anaisolola pamodzi ndi lata limene anaikhomapo. Ndi pamene anatembenukira kumphepo. Mdadada wawo uli kumapeto kwa kanjira kopanikizika pakati pa nyumba ziwiri zikuluzikulu zosungiramo katundu, ndipo mphepo ikalowa m'kanjirako imatuluka ngati yothamangitsidwa. Anthu ankaitukwana tsiku ndi tsiku chifukwa cha fumbi, mapepala apulasitiki ndi masiketi a eni ake. A Fiyuzi anaima pamenepo masana ena atakweza kansalu m'mwamba, a Telala nkuwafunsa ngati akuimitsa basi. Iwo anangoti chinthu chaphokoso wakuba sangachitsitse anthu osamva.

Mota anaichotsa m'makina akale ochapira zovala. Mapiko atatu anawadula ku paipi yapulasitiki, yaikulu ija ya zimbudzi, ndipo ngakhale analumbira kuti inali yatsopano, a Telala ankatseka zenera mphepo ikamachokera kumeneko. Mzati unali paipi yachitsulo yolumikiza, yokokedwa ndi mawaya mbali zonse. Kuchokera kumwambako mawaya ankatsika, kulowera pazenera la chipinda, kukathera pa mabatire awiri a lole amene anali pansi pa tebulo, ndipo pambali pake panali kabokosi kosandutsa moto wa batire kukhala wa m'nyumba. Mayi Fiyuzi sankaona bwino zimene zinkachitika, koma ankagwira tochi, kugwira waya, ndi kuseka. Ankati amuna awo akumangira mphepo khola.

Pambuyo pa ngozi ya buluku ija, chifani chinazungulira. Poyamba chinkangogwedeza mutu ngati munthu wokana ngongole, kenako chinagwira, fuu fuu fuu, ndipo madzulo a tsiku lotsatira kafiriji kananjenjemera nkuyamba kung'ung'udza. A Fiyuzi anakhala pansi pasimenti, khutu lili pachitseko cha firiji, ngati akumvetsera mwana m'mimba. Akazi awo anapempha chinthu chimodzi chokha, madzi ozizira, ndipo atamwa anati tsopano angathe kufa. A Fiyuzi anawauza kuti asalankhule zopusa, nkutuluka panja kukapukuta magalasi.

Miyezi yotsatira inali yabwino, ndipo ndi bwino kuinena, chifukwa sinachuluke. Madamu anabwera patchuthi, anatsegula firiji, anapeza timabotolo tili ndandanda m'kabakuli, anayang'ana chifani kumwamba nthawi yaitali, nkubwerera yekha osatchulanso za bedi lija. Pazenera la a Fiyuzi panayamba kukhala mafoni a mdadada wonse, ngati ana a nkhuku pa mkate. A Telala ankadandaula m'mawa uliwonse kuti chinthucho chimalira ngati mzimu wa munthu wofa mokwiya, akatero nkupereka foni yawo kuti itchajidwe. Madzulo dzuwa likapendeka, a Fiyuzi ankatulutsa mipando iwiri pakhonde. Mayi Fiyuzi ankamvetsera kulira kwa mapiko nkumalosera ngati mawa kuzizire, ndipo nthawi zambiri ankalasa.

Koma chifani chili ndi khalidwe lake, ndipo a Fiyuzi analidziwa msanga. Chili ngati bulu wokoka ngolo pamtsetse: chimene chimamugwira kuti asathamange mpaka kuthyoka miyendo ndi katundu yemweyo. Mabatire akamakoka moto, mapiko amalemedwa nkumayenda mwaulemu. Ukangochotsa mabatirewo mphepo ili pakati, chifani chimapepuka, chimathamanga mopanda wochigwira mpaka kudzipha. Ndipo njira yochiimitsira pa mphepo yamkuntho ndiyo imene a Fiyuzi ankachita nayo manyazi: kugunditsa mawaya ake okhaokha. Ukawagunditsa, mota imauma, mapiko nkumangokwawa. Munthu amene moyo wake wonse anakalipira anthu kuti mawaya awiri asakhudzane, tsopano mitambo ikada ankalowa m'chipinda, kugwada pansi pa tebulo, nkulumikiza mawaya ndi kachidutswa ka mkuwa, msana atalozetsa kukhomo.

Akazi awo sanawauze. Osati chifukwa chobisa kwenikweni. Kufotokoza kukanafuna kuti ayambe ndi mawu oti lamulo lija lili ndi pena pamene siligwira, ndipo pakamwa pa a Fiyuzi mawu otero sankatuluka. Komanso ankati iwo amakhala pakhomo nthawi zonse, apita kuti? Zina zonse m'nyumbamo, mabingu akagunda, Mayi Fiyuzi ankazula monga kale, amuna awo nkumavomereza ndi mutu.

Tsiku lokatenga mankhwala linafika kumapeto kwa nyengo yotentha, masiku aja amene malata amalira okha masana. Mapazi a Mayi Fiyuzi anali atatupa, choncho amuna awo anapita okha, atanyamula fulasiki ya madzi oundana yoti adzaikemo timabotolo. Kumwamba kunali mbee. Kuchipatala mzere unali wokhotakhota mpaka panja, chifukwa mankhwalawo anali atasowa kwa kanthawi ndipo mbiri inali itamveka kuti afika ochepa. A Fiyuzi anaima, anakhala, anaimanso. Dzuwa litapendeka, atatsala pang'ono kufika pakazenera, kunja kunada mwadzidzidzi, zitseko zinayamba kumenyeka, ndipo bingu loyamba linagunda.

Akuti mkuluyo anatuwa nkhope mpaka mayi wina wa pambuyo pawo anawafunsa ngati nawonso ndi a shuga. Anatulutsa foni kuimbira akazi awo. Yozimitsa. Anaimbira a Telala. Yozimitsa. Anayesa wometa wa pakona, anayesa mayi wa golosale, onse chimodzimodzi. Mdadada wonse unali utamvera a Fiyuzi. Kuchoka pamzere kukanatanthauza kubwerera opanda mankhwala, ndipo ngakhale akanathamanga, basi yake inali kuti? Anaima pomwepo, fulasiki ili m'khwapa, akuyang'ana mitengo ya pachipatala ikugwada.

Zimene zinachitika kunyumba zimadziwika chifukwa a Telala anali pazenera, monga mwa nthawi zonse. Bingu litagunda, anamva Mayi Fiyuzi akukokera mipando, akuzula wailesi, akuzula firiji. Kenako mayiyo anakumbukira kuti pali chitsulo chachitali kuposa nyumba zonse, ndipo mawaya ake akulowa m'chipinda mpaka pa mabatire amene amuna awo anawavutikira. Anagwada ndi mapazi otupawo, anapapasa pansi pa tebulo, nkumasula mawayawo limodzi limodzi. Anafuula pakhoma kuuza a Telala kuti nawonso azimitse zawo. Asanatseke pakamwa, kulira kwa chifani kunasintha. Fuu fuu uja anasanduka mluzu, mluzu nkusanduka kukuwa, mzati unayamba kuvina, ndipo phiko limodzi linathothoka nkukagwera kuseri kwa nyumba zosungira katundu. Chifani cha mapiko awiri chinadzigwedeza ngati galu wonyowa, waya wokoka mzati anaduka, chitsulo chonse nkugwera padenga la eni ake, kuboola malata pamwamba penipeni pa tebulo.

A Fiyuzi anafika mvula itakata, atanyowa mpaka m'mafupa. Anapeza anthu ataima m'matope akuyang'ana denga. M'chipinda madzi anali m'kakolo, kabokosi kaja kali m'madzi, mota itang'ambika pakati ikununkha chipsereza. Mayi Fiyuzi anali pabedi atafunda ambulera, chala chakuphazi chikutuluka magazi pomwe anaponda chidutswa cha lata, koma iwo osamva chifukwa cha dzanzi lija. Atamva mapazi a amuna awo nkhope inawala.

"Bambo, musadandaule," anatero. "Ndinazula zonse nthawi yabwino, monga mumanenera. Mabatire anu apulumuka."

A Fiyuzi anayang'ana pansi pa tebulo. Mawaya anali atapindidwa bwinobwino, aliyense payekha, kutalikirana, ndendende mmene iwo anaphunzitsira. Madzi ankadontha kuchipewa chawo.

"Mwachita bwino, mayi," anatero. Anaika fulasiki pamwamba pa firiji yozima, nkugwada kumanga chala chija.

Mvula ija inali yongonamiza. Itapita, dzuwa linabwerera ndi ukali woposa, ndipo pepala lakuda lapulasitiki limene anatseka nalo chibowo cha denga linasandutsa chipinda kukhala uvuni. Timabotolo tinabwerera mumtsuko. Pampopi madzi ankatuluka tsiku lina, lina ayi, mchenga nkumauma. Anthu awiriwa anagwirizana, osachita kukambirana, kuti Madamu asamve. Akaimba foni, Mayi Fiyuzi ankaseka chiseko chawo chija nkunena kuti zonse zili bwino, ndipo akafunsa kuti bwanji chifani sichikumveka, ankati lero kulibe mphepo. A Fiyuzi ankadzuka m'mamawa kuzungulira kwa ogulitsa zitsulo onse a mumzinda kufunafuna mota ina. Makina ochapira a mtundu umenewo anthu sataya kawirikawiri. Ankabwerako madzulo manja ali lende, nsapato zili fumbi.

A Telala anawapana tsiku lina kuseri kwa bafa. Anawauza kuti iwo ndi osoka chabe, koma maso ali nawo: akhala akuona pazenera zimene a Fiyuzi amachita pansi pa tebulo mphepo ikakula, ndipo anamva ndi makutu awo kuti chinthucho chinapenga mayi atangozula. Anafunsa ngati akunama. A Fiyuzi anavula chipewa, chinthu chimene sanachitirepo a Telala, nkuwapempha kuti nkhani imeneyi ithere pomwepo. Ndipo chodabwitsa cha chaka chimenecho nchakuti a Telala anasunga pakamwa. Akuti anaonda nazo.

Mankhwala otenthedwa saonetsa kuti afooka. Mayi Fiyuzi ankabaya monga mwa masiku onse, koma ludzu linayamba kuwavuta, ankamwa madzi ngati mchenga, ndipo nyerere zinayamba kuzungulira chidebe chimene ankatayiramo madzi. Iwo ankachitsuka msanga amuna awo asanaone. Amuna awo ankaona, nkumanamizira kuti sanaone. Chala chija sichinapole. Chinada, chinayamba fungo, ndipo mayiyo ankachikulunga nsalu nkuvala sokosi m'chitentho chonsecho. A Fiyuzi atanena zopita kuchipatala, akazi awo anakana: achipatala akawagoneka, Madamu amva, ndipo Madamu akamva, basi. Anati adikire kaye chifani chidzuke. A Fiyuzi, amene ankaopa chinthu chomwecho, anavomera msanga kuposa mmene anayenera.

M'mawa wina, a Fiyuzi atapita kozungulira kuja, a Telala anaona kuti khomo la aneba silinatsegulidwe ndipo wailesi ya batire sikulira. Analowa. Anapeza Mayi Fiyuzi ali pansi pakati pa bedi ndi firiji, akupuma mofulumira, osazindikira munthu. Anaitana wometa kuti apeze galimoto, ndipo ali m'galimotomo anaimbira Madamu. Pa chimenechi sanapemphe chilolezo kwa wina aliyense.

Madokotala anapulumutsa moyo, koma phazi analidula. Madamu anafika tsiku lotsatira, ndipo anakumana ndi bambo ake pakhonde la wodi, pakati pa anthu odikirira odwala atakhala pa zitenje ndi mabeseni awo. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza. Anawawerengera zonse mofatsa: kuti anasunga munthu wodwala ndi zinyalala za kudzala, kuti anamunamiza pafoni, kuti amayi ake akanafera pasimenti chifukwa bambo wamkulu akusewera ndi mphepo. Kenako anafunsa chimene chinagwetsa chinthucho. Ankafuna kudziwa, anatero, kuti amve bwinobwino chimene chadya phazi la amayi ake.

A Fiyuzi anayang'ana pakhomo la wodi. Bedi la akazi awo linali loyamba, ndipo mayiyo anali maso, khutu lili kuno.

"Ndinachimanga molakwika," anatero. "Mzati unali wofooka."

Mayi Fiyuzi anaitana ndi mawu otsika kuti mwana asawakalipire bambo ake, mphepo ija inali yoopsa, ndipo iwo anachita zonse zofunika, anazula ngakhale mabatire. Madamu anawasisita dzanja nkuwauza kuti akudziwa, iwo sanalakwe kanthu. A Telala, amene anali atabweretsa tiyi m'fulasiki, anatsegula pakamwa, anayang'ana a Fiyuzi, nkutsekanso.

Mayi Fiyuzi atatuluka m'chipatala sanagonenso m'nyumba mwawo. Mwamuna wa Madamu anabwera ndi galimoto ya bokosi kumbuyo, nkuima pakhomo injini ikulira. Anakweza matiresi, mpando wa ndalema, sutikesi, ndi ndodo zatsopano zoyendera. Mayi Fiyuzi sanatsike. Anatsitsa galasi nkuyamba kupereka malangizo, kuti sefa ya tiyi ili pamsomali kuseri kwa chitseko, kuti malaya oyera asachapidwe pamodzi ndi masokosi, kuti bambo azidya ngakhale alibe njala. Kenako anatulutsa dzanja kufunafuna nkhope ya amuna awo, anapeza magalasi, nkuwaongola pamphuno. Anati achira msanga, abwera. Madamu ankayang'ana kutsogolo. Galimoto italowa m'kanjira kaja, fumbi linabwerera lonse kumaso kwa otsala.

Munthu wina akanagulitsa mabatire nkugula tikiti ya basi. A Fiyuzi anamva mawu amodzi okha, oti abwera, ndipo anawamasulira mwaumisiri: firiji ikayaka, abwera. Palibe anawalonjeza zimenezo. Madamu sananene, ndipo iwo sanafunse, poopa yankho. Anakhoma denga. Patapita miyezi anapeza mota kwa munthu wina wokonza makina kutsidya kwa njanji, nkusinthanitsa ndi tebulo lawo la ntchito pamodzi ndi zina mwa zida zake. Anadula mapiko ena. Nthawi ino anapanga kachipangizo kogunditsa mawaya kokha mphepo ikapyola muyeso, kopanda kudikira dzanja la munthu, ndipo anakayesa kambirimbiri mpaka anakhutira. Pa ntchito yonseyi panalibe wogwira tochi. Ankailuma kukamwa.

Kukaona akazi awo ankangoti apita chifani chikatha, kuti akapite ndi nkhani yabwino. Mafoni a madzulo anayamba kufupika. Poyamba Mayi Fiyuzi ankafunsa za mdadada wonse, ndani wakwatiwa, ndani wathawa lendi. Kenako ankangofunsa ngati bambo adya. Kenako Madamu ndiye ankayankha, kunena kuti amayi agona, impso zikuvuta, miyendo yatupa, adokotala akuti tidikire. A Fiyuzi ankamva zonsezi ataima pakhonde, akayankha kuti chabwino, nkubwerera kukapala mapiko. A Telala, amene ankaimbirana ndi Madamu paokha, ankadziwa zambiri kuposa pamenepo, ndipo kangapo anayesa kuwauza. Mkuluyo ankangoyamba kupala zitsulo mwaphokoso.

Chifani chachiwiri anachiimika Loweruka lina m'mawa, mothandizidwa ndi wometa. Ndi chabwino kuposa choyamba, aliyense akuvomereza; sichigwedezeka, ndipo kulira kwake nkosalala. Pofika masana kafiriji kananjenjemera nkuyamba kung'ung'udza. A Fiyuzi anakatsuka m'kati ndi sopo, anaikamo kabakuli kopanda kanthu pa shelefu yapakati, ndi botolo la madzi. Anasamba, anavala malaya oyera, nkukagogoda kwa a Telala. Anawapempha mwaulemu kuti abwere adzaone okha kuti yazizira, kenako aimbire Madamu, chifukwa mawu a munthu wapadera mwana uja angawakhulupirire kusiyana ndi a bambo ake.

A Telala anaimitsa makina. Anachotsa mapini kukamwa limodzi limodzi, kuwabaya pa kansalu ka pachifuwa, anasuzumira kumwamba kumene mapiko ankazungulira, nkuyang'ana mkuluyo kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Sananyamuke pampando.

"Sindibwera kudzaona firiji ine. A Fiyuzi, akazi anu sabwereranso kuno, ndipo inu mukudziwa. Tsekani nyumbayo mukwere basi ya mawa, mukawapeze akadatha kukuzindikirani."